Fisi wa ku Ilesa: Ukwati, Abale ndi Chinjira mu Stay With Me

Pali alendo ena amene akangokhala pansi mwininyumba amadziwiratu kuti sanabwerere moni. Otere ndi amene afika pakhomo pa Yejide kumayambiriro kwa nthano yaitali ya Stay With Me. Chaka ndi cha 1985, malo ndi tauni ya Ilesa kumwera chakumadzulo kwa Nigeria. Iya Martha, mayi womupeza wa Yejide, ndi Baba Lola, wamkulu wa kuchimuna, alowa m'nyumba ali ndi mtsikana wachilendo pambuyo pawo. Yejide wakhala pabanja ndi Akin zaka zinayi popanda mphatso, ndipo maulendo a akuluakulu anawazolowera: amabwera, amamudandaulira, amamuuza za sing'anga kapena mneneri watsopano, amadya n'kumapita. Ulendo uno wasiyana. Mtsikanayo dzina lake ndi Funmi, ndipo sanabwere kudzaonekera ngati ofuna banja. Ukwati unachitika kale, Akin anavomera kale, wosadziwa anali Yejide yekha.

Chomwe Yejide angathe kubwezera ndi chochepa, koma abwezerabe. Alendo awapatsa nyemba zogonera masiku atatu, ndipo ulendo wawo wobwerera ukhala woimaima m'tchire. Owerenga timaseka pamenepa, ndipo mlembi akufunadi kuti tiseke. Vuto ndi lakuti tikafika pakati pa buku timayamba kuchita manyazi ndi kuseka kwathu kuja, poti timazindikira kuti anthu onse anali pabalaza tsiku limenelo, kupatula mmodzi, ankalimbana ndi vuto lomwe kunalibe. Mmodziyo, amene ankadziwa zoona, anangokhala chete n'kuyendetsa galimoto.

Mlembi wa bukuli, Ayobami Adebayo, anabadwira ku Lagos mu 1988 ndipo anakulira ku Ilesa ndi ku Ile-Ife, komwe anaphunzira pa yunivesite ya Obafemi Awolowo. Stay With Me inatuluka mu 2017, ili nthano yake yaitali yoyamba, ndipo chaka chomwecho inafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Baileys ya alembi aakazi ku Britain. Yachiwiri, A Spell of Good Things, inatuluka mu 2023. Ndichenjezeretu amene sanawerenge bukuli kuti m'munsimu ndiulula zinsinsi zake. Palibe njira ina yokambira za banja la Akin ndi Yejide, chifukwa banja lenilenilo linamangidwa pa chinsinsi.

Nkhaniyi ili ndi afotokozankhani awiri, mkazi ndi mwamuna, olandizana mitu. Imayambira ku Jos mu December 2008, pomwe Yejide akulongedza katundu kuti apite ku mwambo wa maliro a apongozi ake aamuna atatha zaka 15 asanapondeko ku Ilesa, kenaka imabwerera m'mbuyo. Luso lolandizanali limaoneka ngati chilungamo, ngati bwalo la ankhoswe pomwe aliyense amapatsidwa mpata woyankhula. Koma woyankhula wachiwiriyu ndi munthu woti anazolowera kubisa, ndipo owerenganso amatibisira. Akin amatiuza za chikondi chake, za momwe anamuonera Yejide koyamba ali pa sukulu ku Ife, za momwe mayi ake anamupanikizira mpaka anagonja. Zonsezi n'zoona. Zomwe wasiya ndiye mutu wa nkhani, ndipo amazitulutsa pang'onopang'ono ngati wamangawa wobweza ngongole.

Tiyambe ndi apongozi, poti ndiwo amaoneka ngati adani poyamba. Mayi a Akin, omwe aliyense amawatchula kuti Moomi, ndi mtengambali wolembedwa bwino kuposa momwe apongozi amalembedwera m'nthano zambiri. Moomi ankamukonda Yejide. Yejide nayenso, poti mayi ake anamwalira pomubereka ndipo anakulira pakati pa akazi a bambo ake omwe ankamusala, anapeza mwa Moomi mayi amene ankamusowa. N'chifukwa chake mawu a Moomi amapweteka kuposa a Iya Martha. Mayi yemweyo amene ankamukumbatira ndiye akumuuza tsopano kuti mkazi wosabereka sayenera kudzitcha mkazi, ndiponso kuti apatuke kaye kuchipinda kuti mnzake atenge pathupi. Moomi sakudziona ngati wankhanza. Akin ndi mwana wake woyamba, mng'ono wake Dotun ali kale ndi ana aamuna angapo, ndipo kwa Ayoruba mwana ndi wa kuchimuna: dzina, malo ndi ulemu wa mayi pakati pa akazi anzake zimayenda ndi mbewu ya mwana wake wamwamuna.

Apa ife okulira m'chikamwini tiyenera kuwerenga mosamala. Kwathu kuno ana ndi mbumba ya atsibweni, ndipo kalekale banja likakhala nthawi popanda mwana, mkamwini nayenso ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Azimayi pachitsime ankanong'onezana kuti mwina anagwa mu mpapaya. Yejide alibe mbumba yoti imufunsire funso limeneli. Ali kuchitengwa kopanda kwawo kobwerera. Nkhoswe yake, ngati tingaitche choncho, ndi mayi womupeza yemwe akukondwera kumuona akutsitsidwa. Mu zaka zonse zinayi zija palibe ndi mmodzi yemwe, wa kuchikazi kapena wa kuchimuna, amene anatembenuka n'kuyang'ana Akin. Zipatala, kusala kudya ndi mankhwala owawa zonse zinalunjika pa thupi la mkazi.

Mutu wotchuka kwambiri m'bukuli ndi wa kuphiri. Yejide, mayi wa digiri ndiponso mwini saluni yoyenda bwino, akwera phiri la zozizwitsa akukoka mbuzi yoyera kupita kwa mneneri Josiah. Pamwamba pa phiri, atatopa ndi njala ndi dzuwa, mbuzi ija aikulunga m'nsalu ngati khanda ndipo amuuza kuti aiyamwitse. Aiyamwitsadi. Atsika phiri ali ndi chikhulupiriro chonse kuti waima, mimba iyamba kukula, msambo uleka. Madokotala aunika ndi makina awo n'kupeza kuti mulibe kanthu, iye akana, apita kwina, akanenso. Miyezi isanu ndi inayi ikwana n'kupitirira. Matendawa alipodi, madokotala amawadziwa: thupi limatha kuonetsa zizindikiro zonse za pathupi chifukwa cha kulakalaka ndi mantha. Chomwe Adebayo wachita bwino ndi kutilowetsa m'mutu mwa Yejide kotero kuti nafenso timayamba kukayikira makinawo. Ndipo Akin, yemwe ali wotsimikiza kuposa dokotala aliyense kuti mimbayo siingakhale yeniyeni, amatengera mkazi wake kwa dokotala wa matenda a maganizo m'malo momuuza chifukwa chomwe iye akutsimikizira choncho.

Chifukwa chake n'chakuti Akin ndi gojo. Sanayambe wakhalapo ndi mphamvu zachimuna chiyambire, ndipo ankadziwa izi asanakwatire. Anayendera madokotala mwakabisira ku Lagos osaphula kanthu. Njira yomwe anapeza ndi yoti Mchewa aliyense wamkulu aizindikira msanga: anapempha mng'ono wake Dotun kuti agone ndi mlamu wake. Dotun ndi fisi.

Ndikunena za fisi wa m'banja, osati wa kuchinamwali. Makolo athu, banja likasowa mwana ndipo zikadziwika kuti vuto lili ndi mwamuna, ankapangana mwachinsinsi ndi munthu wina, kawirikawiri mbale kapena bwenzi lokhulupirika, kuti alowe m'nyumba usiku mwini wake atachokapo dala. Mwana wobadwayo ankakhala wa mwininyumba, ndipo fisi sankayenera kudzatsegula pakamwa mpaka kumanda. Mwambowu unadzudzulidwa kwambiri Edzi itabwera, ndipo sindikuuikira kumbuyo. Koma kuuika pambali pa zomwe Akin anachita kumationetsa pomwe pagona tchimo lake. Fisi wa makolo ankayamba ndi kuvomereza: mwamuna ankayenera kuulula kaye kufooka kwake kwa akuluakulu ochepa, ndipo mkazi ankadziwa chomwe chikuchitika ndi chifukwa chake. Akin anafuna mwana wa fisi popanda kulipira mtengo wa kuvomereza. Anakonza zoti Dotun azifika pakhomo iye atachokapo, n'kusiya Yejide akhulupirire kuti wachita chigololo mwa kufuna kwake. Kotero mkazi amene anasenza kale manyazi a uchumba womwe sunali wake anasenzanso chikumbumtima cha chigololo chomwe mwamuna wake anachikonza yekha.

Ambiri amene ndakambirana nawo za bukuli, makamaka abambo, amamumvera chisoni Akin. Amati anachita izi chifukwa cha chikondi, poopa kutaya mkazi. Chikondi chilipodi, sindikukana. Mitu ya Akin ndi yodzaza ndi chisoni chenicheni, ndipo Adebayo sanamulembe ngati chilombo. Koma tiyeni tiwerenge zomwe chikondicho chinalola. Chinalola mkazi kumwa mankhwala a matenda omwe analibe. Chinalola mtsikana wosalakwa kulowetsedwa m'mitala yopanda tsogolo. Chinalola misala ya mimba ija. Nthawi iliyonse Akin akafika pa mphambano, pomwe njira ina ndi yoteteza Yejide ndipo ina ndi yoteteza dzina lake la mwamuna, amatenga yachiwiri n'kudziuza kuti watenga yoyamba. Tsiku lomwe apeza Dotun ndi Yejide pabedi lake, amenya mng'ono wake mpaka kutsala pang'ono kumupha. Chomwe chamukwiyitsa ndi chakuti waona ndi maso ake kuti mkazi wake akupeza kwa wina chomwe iye sangamupatse, ndipo kuti izi zikuchitika kunja kwa pangano lake.

Funmi ndiye amene bukuli lamulakwira, ndipo apa ndikudzudzula mlembi, osati Akin yekha. Usiku wa phwando lotcha dzina mwana woyamba, Olamide, Funmi agwa pa masitepe n'kufa. Patapita mitu yambiri Akin atiuza kuti ndiye anamukankha, Funmi atamufunsa funso lomwe aliyense analephera kufunsa: mimba ya Yejide yachokera kuti, poti iye akudziwa momwe zilili kuchipinda? Funmi ndiye yekha m'buku lonse amene anaona zoona n'kuzitchula, ndipo anafera pomwepo. Komatu nthano imangomudutsa ngati galimoto yodutsa galu wogundidwa pamsewu. Sitidziwa zomwe ankalota, chomwe chinamulowetsa m'banja la eni, kapena momwe ankamvera usiku uliwonse pogona ndi mwamuna wotere. Kupha munthu kumasanduka chimodzi mwa zinsinsi za Akin, cholemera mofanana ndi zinazo, ndipo pamapeto palibe amene amulipiritsa. Mwina mlembi akufuna kutionetsa kuti mkazi wachiwiri wopanda mwana amaiwalika motero. Ine ndikuona ngati mlembiyo anamuiwala nawo.

Ana atabwera, buku limasintha mtundu. Olamide amwalira ali wa miyezi yochepa, mwadzidzidzi. Wachiwiri, Sesan, akula mpaka kuyamba sukulu, kenaka apezeka ndi matenda a sickle cell. Awa ndi matenda otengera kwa makolo, omwe amapinda maselo ofiira a m'magazi kukhala ngati chikwakwa, ndipo maselo opindikawo amatseka timitsempha n'kubweretsa ululu woopsa m'mafupa ndi kuchepa kwa magazi. Bambo ndi mayi akakhala kuti onse ali ndi mbewu ya matendawa, ngakhale iwo eni asakudwala, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wodwala. Nigeria ndi dziko lomwe limabadwitsa ana ambiri otere pa dziko lonse. Bungwe la WHO mu 2006 linayerekeza kuti ndi ana pafupifupi 150,000 pa chaka. Magazi sasunga chinsinsi cha munthu. Dokotala atayeza, aitanira Akin pambali n'kumuuza kuti malinga ndi magazi ake, Sesan sangakhale mwana wake. Akin achita sewero la mwamuna wodzidzimuka ndi wokwiya, poti ndi zomwe dokotala akuyembekezera. Kwa ine, m'buku lonse mulibe malo ena oonetsa bwino chomwe munthuyu wasanduka.

Sesan atamwalira, Moomi ali ndi yankho lake: mwanayu ndi abiku, mzimu womwe umabadwa, kufa n'kubwereranso m'mimba yomweyo kudzazunza mayi. Afuna kuti mtembo uikidwe zipsera. Owerenga mabuku a ku Nigeria amamudziwa kale mwana wotere. Ali mu Things Fall Apart ya Chinua Achebe ya 1958, momwe Aigbo amamutcha ogbanje ndipo Ekwefi anaika m'manda ana asanu ndi anayi asanatsale ndi Ezinma. Wole Soyinka ndi J. P. Clark aliyense analemba ndakatulo ya mutu wa Abiku, ndipo Azaro wa mu The Famished Road ya Ben Okri, yomwe inapata mphotho ya Booker mu 1991, ndi mwana wa mtundu womwewo. Adebayo walowa m'bwalo la akuluakuluwa ndi chinthu chatsopano m'manja: zotsatira za ku labotale. Sanyoza Moomi, poti mayi woika ana m'manda motsatizana amafuna dzina la chomwe chikumudya. Koma akutisonyeza kuti chikhulupiriro cha abiku chimagwira ntchito yofanana ndi ya chitonzo cha uchumba chija. Chimaloza mlandu kwa mwana ndi kwa mimba ya mayi, magazi a mwamuna n'kutsala osafunsidwa.

Mwana wachitatu ndi wamkazi, ndipo apatsidwa dzina la ana a abiku, Rotimi, kutanthauza kuti khala nane. Apa ndi pomwe pachokera mutu wa buku. Ifenso tili ndi mayina otere, a Maliro ndi a Manda, opatsidwa kwa mwana wobadwa pambuyo pa imfa zotsatizana. Kusiyana kwake n'kwakuti athuwa amakhala ngati akunyoza imfa pomwe la Chiyoruba likuchonderera mwana. Yejide sachonderera nawo. Waika kale awiri, wamva kale kuchokera kwa Dotun kuti zonse zinali pangano la mwamuna wake, ndipo mtima wake wauma. Amamusamala Rotimi ndi manja okha, kuopa kumukonda. Alembi ambiri akanaopa kulemba mayi wotere. Flora Nwapa mu Efuru ya 1966 ndi Buchi Emecheta mu The Joys of Motherhood ya 1979 anatipatsa kale akazi ozunzika ndi funso la kubereka, koma mayi wodzitchinjiriza kwa khanda lake lomwe lili moyo ndi wosowa m'mabuku athu, ndipo mitu imeneyi ndi yomwe inandikhalitsa maso usiku.

Pali funso lomwe owerenga ambiri amafunsa, ndipo ndi loyenera: zingatheke bwanji mayi wophunzira mpaka ku yunivesite kukhala zaka pabanja osazindikira kuti mwamuna wake ndi gojo? Buku limayankha kuti Yejide anakwatiwa asanadziwe mwamuna wina, ndipo Akin anamunamiza kuti amuna amasiyana chibadwire, kotero momwe zinthu zinkachitikira kuchipinda kwawo iye ankayesa ndi momwe zimakhalira kulikonse. Poyamba yankholi linandivuta kulimeza. Nditaganizira bwino ndinaona kuti likugwirizana ndi umasiye wake. Mtsikana wa kumudzi kwathu, ngakhale wosapita kusukulu, ankadutsa m'manja mwa anamkungwi, ndipo m'mawa wa tsiku loyamba la ukwati azakhali ankafunsa momwe kwachera. Yejide analibe mayi, analibe azakhali, analibe mlangizi. Sukulu inamupatsa digiri koma sinalowe m'malo mwa anthu amenewa. Ngakhale zili choncho, ndivomereze kuti mlembi wakoka chingwechi mpaka pafupi kuduka, makamaka poganizira kuti Yejide amakhala tsiku lonse mu saluni, malo omwe amayi sasiya nkhani ya kuchipinda osaisenda.

Saluniyo ndiyo ikutifikitsa pa ubwenzi. Iya Bolu ndi mayi wa ana aakazi ambiri, waphokoso ndi wosasamala mawu, yemwe atsegula saluni yake pafupi ndi ya Yejide. Ayamba ngati opikisana pa malonda, ndipo Yejide amamuyang'anira pansi. Pang'onopang'ono mayi ameneyu asanduka munthu yekhayo amene amalowa m'moyo wa Yejide popanda chomwe akufuna m'mimba mwake. Ndi m'macheza osapsatira a Iya Bolu ndi amayi ena momwe Yejide amamva zinthu zomutsegula maso pa za mwamuna wake. Mlangizi yemwe anamusowa ali namwali wamupeza mochedwa, ali ndi chipeso m'manja.

Komabe ubwenziwu sufika pa chinjira. Amayi a kum'mwera kwa dziko lathu amadziwa kuti mnjira ndi munthu amene umamuuza zomwe sungauze mbale, amene amasunga ndalama zako zobisa ndi misozi yako yomwe. Yejide amacheza ndi Iya Bolu, amayenda naye maulendo, koma mtolo weniweni amausenza yekha. Kuti tione kusiyana kwake tiike bukuli pambali pa So Long a Letter ya Mariama Bâ wa ku Senegal, yomwe inatuluka m'Chifalansa mu 1979 n'kupata mphotho ya Noma mu 1980. Mmenemonso muli mitala yobwera mozemba ndi apongozi okonza ukwati wachiwiri. Koma buku lonselo ndi kalata ya Ramatoulaye kwa mnzake Aissatou, ndipo Aissatou atamva kuti mnzake wasiyidwa akuvutika ndi mabasi, anamugulira galimoto. Kwa Bâ, ukwati ukagwa mkazi amagwera m'manja mwa mnzake. M'magawo a 2008 a Stay With Me, amene Yejide akumuyankhula mumtima mwake ndi Akin yemweyo amene anamunamiza. Kalata yake yaitali ikupita kwa mwamuna, poti mnzake woilandira palibe.

Ena anganene kuti uku ndi kufooka kwa buku, kuti Iya Bolu anayenera kupatsidwa malo okulirapo. Ine ndikuona kuti kuchepa kwa ubwenzi ndi mbali ya nkhaniyo. Chinsinsi cha m'banja chimadya mabwenzi poyamba, chifukwa munthu wobisa sangalole wina kuyandikira kwambiri. Onani Akin: ndi mkulu wa ku banki, wodziwika m'tauni, koma alibe mnzake ndi mmodzi yemwe woti angakhale naye pansi n'kumuuza vuto lake. Yekhayo amene anamuululira ndi Dotun, ndipo pomuululira anamusandutsa chida. Timati chibale ndi fupa sichiola, koma m'bukuli fupalo lathyoka, ndipo Moomi akufunsa chomwe chalekanitsa ana ake popanda womuyankha. Dotun mwiniwake, wokonda mowa ndi akazi, wotha ntchito n'kudzakhala pakhomo pa mkulu wake, sali woyera. Koma ndiye amene pamapeto pake auza Yejide zoona, akuyesa kuti mlamu wakeyo ankadziwa kale mbali ina. Zoona m'banja limeneli zimatuluka mwangozi nthawi zonse.

Kuseri kwa zonsezi kukumveka wailesi. Mu August 1985 Ibrahim Babangida alanda boma kwa Muhammadu Buhari. Mu October 1986 mtolankhani Dele Giwa aphedwa ndi bomba la m'kalata. Mbava zimalembera makalata anthu a m'dera la Akin ndi Yejide kuwadziwitsa kuti zikubwera. Nthawi zina ndale zimenezi zimangokhala ngati nsalu yotchingira kumbuyo kwa sewero, ndipo mitu ina ikanayenda bwino popanda izo. Koma pali kufanana kumodzi komwe sindikukhulupirira kuti n'kwangozi. Babangida analonjeza kubweza boma kwa anthu wamba mu 1990, n'kusunthira ku 1992, n'kusunthiranso ku 1993, uku akumwetulira ndi kutsimikizira mtundu kuti zonse zili m'manja. Akin amayendetsa banja lake chimodzimodzi. Chisankho cha pa 12 June 1993, chomwe anthu ambiri amavomereza kuti M. K. O. Abiola anapambana, chinafafanizidwa patangopita masiku ochepa. Ife kuno tinali pa mizere ya riferendamu pa 14 June chaka chomwecho, ndipo yathu inalemekezedwa. Anzathuwo anatsikira m'misewu.

M'zipolowe zimenezo ndi momwe banja likuthera. Akin ali ku Lagos ndi Rotimi, Yejide ali ku Bauchi ku ukwati ndi Iya Bolu. Matenda amugwira mwana misewu itatsekedwa, ndipo Akin aimba foni kunena kuti wakomoka. Yejide sadikira foni yachiwiri. Waika kale awiri, akudziwa momwe nkhani yotere imathera, ndipo sabwereranso ku Ilesa. Apita ku Jos n'kuyamba moyo wina. Apa mlembi wamupatsa Yejide cholakwa chakechake, ndipo wachita bwino, poti kufikira pano iye anali wolakwiridwa yekhayekha. Mkazi amene anakhulupirira kuti muli mwana m'mimba yopanda kanthu wakhulupiriranso kuti mwana wamoyo wafa, ndipo maulendo onse awiri sanafune kumva umboni.

M'bukuli muli nthano ya makolo ya Ijapa, fulu wa Ayoruba, amene anapita kwa sing'anga kukatengera mkazi wake mankhwala a kubereka. Anauzidwa kuti asalawe, koma fungo linamukola panjira, anadya, ndipo mimba inatupa yake. Nthanoyi ikumukhala Akin ngati malaya osokedwa pa thupi lake: vuto lomwe ankati ndi la mkazi linali m'thupi mwake chiyambire. Chodabwitsa n'chakuti Akin yemweyu ndiye amene atsala ndi Rotimi, mwana yemwe si wa magazi ake, n'kumulera yekha zaka 15 kudutsa m'zipatala ndi m'mausiku a ululu. Mwamuna amene anawononga anthu anayi pofuna kutchedwa bambo anadzakhala bambo weniweni pomwe panalibenso womuonera. Sindikudziwa ngati izi zikufafaniza za Funmi. Ndikuganiza kuti ayi.

Yejide afika ku Ilesa mu 2008 akuyembekezera kuona manda, ndipo apeza mtsikana wamkulu wofanana naye nkhope, amene tsopano amadzitchula kuti Timi. Ena amati mathero awa ndi okoma mopitirira muyeso pa buku lomwe laika ana awiri m'manda, ndipo n'zoona kuti tsoka ndi mwayi m'nthanoyi zimagwa mowirikiza ngati za m'mafilimu a ku Nollywood. Koma tiwerengenso bwino zomwe zabwezedwa ndi zomwe sizinabwezedwe. Ukwati sunabwerere. Palibe ankhoswe okhalitsa anthu pansi, ndipo buku silitilonjeza kuti Akin ndi Yejide adzagonanso nyumba imodzi. Chomwe chatsala ndi mayi ndi mwana amene sadziwana, ataima pakati pa phokoso la phwando la maliro a munthu wina, ndipo mwanayo wadula kale dzina lake, wachotsako mbali ija yomupempha kuti akhale.